Kiyi Wachiwiri wa Ngolo Yanga

"Bwerezani, alamu, mlongo wanuyu amve ndi makutu ake. Kiyi wachiwiri amasunga ndani?"

"Ndimasunga ndine," anayankha achimwene.

"Ndiye tikufunanso chiyani apa? Loko sanathyoledwe. Unyolo sunadulidwe. Kapena mukufuna kutiuza kuti ngolo inadzimasula yokha n'kupita kukaona abale ake?"

Amuna anga ankayankhula atanyamula unyolo m'mwamba kuti ngakhale odutsa mumsewu auone. Ine n'kuti nditangotsika basi, chikwama chikadali paphewa. Ndinachokapo masiku anayi okha, kukathandiza mwana wathu woyamba amene anali atangobereka. Pobwera ndinapeza kuseri kwa nyumba kuli pululu. Pamene pankaima ngolo yanga panangotsala udzu wofota pomwe pankaponda matayala, ndi chitsulo chija achimwene anachizika m'simenti kuti tizimangirirapo unyolo.

Ngolo imeneyi inali yamatayala awiri, yokoka ndi galimoto. Ndiyo inkanyamula mipando yapulasitiki ndi matenti zimene ndimabwereketsa pa maukwati ndi pa maliro. Pikapu ndi ya amuna anga, zimenezo sindikana, koma ngolo inali yanga, thukuta langa. Anaipanga ndi achimwene, mlongo wanga wamkulu, wowotcherera zitsulo amene anthu amangowatchula kuti a Nthethe chifukwa malaya awo onse ndi obookabooka ndi moto.

"Nanga kiyi wa m'nyumba muno ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali pamsomali pake, kuseri kwa chitseko. Kayang'aneni nokha, mayi. Ine Loweruka lonse ndinali kotuta mchenga. Pobwera madzulo, ngolo palibe."

"Alamu," anatero achimwene motsitsa mawu, "ngolo imene ija siyenda ndi galimoto iliyonse. Kukamwa kwake ndinakupanga..."

"Mwamva? Ayambapo sukulu yawo ya zitsulo. Munthu tikumufunsa za kiyi, iye akutiuza za kukamwa. Kundende kuja n'kumene anakuphunzitsani kuzungulira nkhani, eti?"

Mawu amenewo ndiwo anandiphimba m'maso. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo achimwene anagula zitsulo kwa munthu wina osadziwa kuti n'zakuba, ndipo anakakhala kundende chaka chathunthu. Chitulukireni sanatolepo ngakhale msomali wa mwini, koma anthu akasowa chidebe amayamba ayang'ana kushedi kwawo. Ine mlongo wawo ndinkadziyesa wosiyana ndi anthuwo. Tsiku limenelo ndinadziona mmene ndilili.

"Achimwene," ndinatero, "ngati mwaigulitsa, ingonenani kumene yapita tikailondole. Munatichititsa manyazi kamodzi. Sizinakwane?"

Achimwene anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, natulutsa kiyi womangidwa pa kawaya, namuika pa chitsulo cha m'simenti chija.

"Mwatero ndinu, achemwali?"

"Ndatero ndine."

Anatuluka pageti akukankha njinga yawo, osaikwera.

Lolemba amuna anga anapita kupolisi. Anandipempha kuti ndiwaperekeze poti ngolo ndi yanga, ndipo ndinapita, n'kusaina ndi dzanja langali. Achimwene anagona m'chitolokosi masiku awiri. Anawatulutsa poti panalibe umboni, koma anawauza kuti azikaonekera Lachisanu lililonse. Nkhani inayenda msanga kuposa ngoloyo. Mphunzitsi amene anawapatsa ntchito ya geti anabwera ndi anyamata ake kudzatenga getilo lisanathe. Wina anadzatenga mawindo ake. Mwini malo a shedi anayamba kunena kuti mwezi ukatha akufuna kukonza malo ake, ndipo aliyense akudziwa kuti kukonza kumeneko kumatanthauza chiyani.

Alamu anga, akazi a achimwene, ndinakumana nawo kumsika. Ndinawapatsa moni. Iwo anayang'ana kabichi amene anali m'manja mwawo n'kumufunsa wogulitsa ngati analibe wina wamkulupo.

Chimene chinkandipweteka mutu chinali chakuti achimwene omwewo ndiwo anavutikira ngoloyo kuti isabedwe. Tsiku loika chokolekera ku pikapu anagona chagada pansi pa galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amuna anga ankafuna kuti angowotcherera chitsulo ku bampa, ntchito ithe. Achimwene anakana. Anati bampa ndi chokongoletsa chabe, tsiku lina idzatsalira pamsewu pamodzi ndi mipando yanga. Anaboola mafupa enieni a galimoto, namanga chitsulo chopingasa ndi mabawuti asanu ndi limodzi, kenako pakati pake naikapo mutu wachitsulo wobulungira umene kukamwa kwa ngolo kumaluma. Atatha anandionetsa unyolo wodutsa m'tayala, anandionetsa loko wotseka kukamwako ngolo ikaima, ndipo ananena zina zambiri akupukuta manja. Ine ndinkangoti, "Eee, eee, chabwino," uku ndikuwerenga mipando. Achimwene akayamba za zitsulo safuna kumaliza, ndiye tinazolowera kuwamvera ndi khutu limodzi.

Milungu iwiri ndinakhala ndikubweza anthu ofuna mipando. Amuna anga anasanduka munthu wachifundo amene sindinamudziwe zaka zonsezi. Ankandibweretsera zipatso. Ankandisisita paphewa n'kumati, "Musadandaule, mayi, chibale ndi choncho. Ine ndinkaona kalekale, koma ndikanayankhula mukanati ndimadana ndi abale anu." Ndipo ine, chitsiru, ndinkawathokoza.

Mlungu wachitatu kunabwera ntchito yaikulu imene sindikanaikana, mipando yonse ndi matenti awiri. Ndinapita kwa aneba athu, mmisiri womanga nyumba, kukabwereka ngolo yawo yonyamulira njerwa. Anaikankha okha mpaka pabwalo pathu Lachinayi masana. Amuna anga anali m'nyumba, atagona pang'ono atatha kudya, pikapu ataiimika pamthunzi.

Aneba ananyamula kukamwa kwa ngolo yawo n'kukutsitsira pa mutu uja. Sikunalowe. Anagwedeza, anaponda ndi phazi, anakhalapo ndi thupi lawo lonse lija. Kunangokhala pamwamba ngati chipewa cha mwana pamutu pa bambo ake.

"Mayi, dzungu ili anakuikirani ndani?" anafunsa akuseka.

"Bwanji?"

"Mutu uwu si wa m'sitolo. Ndi waukulu kuposa yonse imene ndikuidziwa. Uyu ndi munthu anachita kusula dala. Ngolo yanga apa singalowe, ndipo palibe ngolo ya munthu wina imene ingalowe."

"Nanga yanga ija ikakolekedwa ku galimoto ina?"

"Ingakhale ikugwedera. Pabampu poyamba pomwe yavuka, ili m'ngalande. Amene anapanga izi ndi wochenjera, mayi. Wakuba akanatsegula maloko onse, sakanafika nayo patali." Anaima kaye. Anapaka chala pa mutuwo n'kuchiyang'ana. Kuseka kunatha. "Kodi ngolo yanu yasowa liti?"

"Milungu itatu Loweruka likubwerali."

"Ndi mvula yagwayi?"

Ndinawerama ndekha. Chitsulo chikakhala masiku atatu pamvula osagwira ntchito chimafiira ndi dzimbiri, zimenezo ngakhale ine ndimadziwa. Mutu uja unali kunyezimira. Pamwamba pake panali posalala, popekesedwa kumene, ndipo m'khosi mwake munali girizi wakuda, wofewa, wa dzulodzulo. Galimoto ya amuna anga inali ikukokabe ngolo. Ndipo ngolo imene ikanaluma mutu umenewo inali imodzi yokha.

Ndinakhala pansi, pa dothi pomwepo, ndi diresi yanga yabwino. Mawu a achimwene aja anabwera onse, amene ananena akupukuta manja ndi amene anawadula pakamwa pabwalo pano. Anali atandiuza. Kawiri konse anali atandiuza.

Kushedi ndinawapeza achimwene akusesa. Munthu amene shedi yake inkamveka phokoso kuyambira kumsewu anali akusesa pansi poyera kale.

"Achimwene."

"Mwabwera ndi apolisi, kapena nokha?"

"Ndaona mutu uja. Ukunyezimira."

Anatsamiritsa tsache kukhoma. "Mwachedwa kuuona."

"Mukudziwa kumene ili?"

"Ndikudziwa. Ndinaiona mlungu woyamba womwe, ndikuchokera kosaina kupolisi. Aipaka utoto wobiriwira, koma msoko wa dzanja langa ndingaudziwe ngakhale ataupaka phula. Imanyamula makireti a zakumwa kwa mayi wina wa golosale, kuseri kwa malo omwetsera mafuta."

"Mayi wake uti?"

"Amene ali ndi mwana wa makutu ngati a alamu."

Ndinagwira tebulo lawo lachitsulo. Ndinali ndisanalire chiyambire nkhaniyi, koma apa misozi inangobwera yokha.

"Ndiye bwanji osandiuza? Bwanji osawauza apolisi?"

"Apolisi ndinawauza za mutuwo. Anati wakuba aliyense amakhala ndi nthano yake. Inu ndikanakuuzani bwanji? Pabwalo panu paja ndinatsegula pakamwa, munamva? Ndikanabwera n'kunena kuti amuna anu ali ndi nyumba ina, mukanati a Nthethe aba ngolo, tsopano akufuna kuba ndi banja lomwe."

Ankanena zoona, n'zimenedi ndikananena.

"Mundibwereke sipanala yaikulu," ndinatero.

Lachisanu masana amuna anga atagona monga mwa chizolowezi, ndinagwada kumbuyo kwa pikapu. Nati ya pansi pa mutu inali yolimba, achimwene samanga zoseweretsa. Ndinalowetsa paipi ku sipanala monga anandilangizira, n'kuponda ndi phazi. Inalira kamodzi n'kumasuka. Mutuwo ndinaukulunga m'nsalu n'kuuika m'chikwama changa cha kutchalitchi. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera.

Aneba anatitenga pa galimoto yawo, ine ndi achimwene. Ndinapemphanso alamu anga, akazi a achimwene aja, kuti atiperekeze. Sanandiyankhe, koma anakwera.

Ngolo inali pambali pa golosale, yobiriwira ngati tsamba, itamangidwa ku mtengo ndi kachingwe koyanikira zovala. Kachingwe! Chinthu chimene achimwene anachitchinjiriza ndi unyolo ndi maloko awiri. Mwini golosale anatuluka akupukuta manja. Anali mayi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wooneka wotopa, mwana ali m'chiuno. Za makutu zija achimwene sananame.

"Ndikuthandizeni, amayi?"

"Ndabwera kudzatenga ngolo yanga."

"Ngolo iyi anandigulira ndi bambo a mwanayu. Anaigula kwa wamalonda wina wa pamsika."

"Bambo a mwanayo ndi amuna anga. Aimbireni foni abwere."

Nkhope yake inasintha, koma osati ngati ya munthu wogwidwa. Inali nkhope ya munthu amene naye akumva koyamba. Ndinafuna kumuda, ndipo ndinayesetsa ndithu, koma zinakanika.

Anthu anali atayamba kusonkhana, poti pamalo omwetsera mafuta sipasowa anthu opanda chochita. Achimwene anadula kachingwe kaja, nakankha ngolo mpaka kumbuyo kwa galimoto ya aneba, natsitsira kukamwa kwake pa mutu wa galimotoyo, natseka. Kenako ananyamula ndi dzanja limodzi. Kukamwa kunavuka popanda kulimbana. Anabwerezanso kuti onse aone. Kenako anamasula mutu wa aneba, natambasula dzanja kwa ine. Ndinatulutsa wa m'chikwama uja. Anaumanga, natsitsira kukamwa. Kunamveka kuti khwa! Anaitana amuna awiri pagulupo kuti anyamule. Ananyamula mpaka kumbuyo kwa galimoto kunadzuka, ngolo osavuka.

"Mutu umenewu ndauchotsa ku pikapu ya amuna anga lero masana," ndinauza gululo. Ndinakweza mawu. "Anausula ndi achimwene angawa, kuti ngolo yanga isakokedwe ndi galimoto ina iliyonse. Anthu inu mwakhala mukuwatchula kuti wakuba milungu itatu. Woyamba kuwatchula ndinali ine."

Pikapu inafika ndikumaliza. Amuna anga anatsika mothamanga, malaya osamanga mabatani, koma ataona nkhope zathu anayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Mayi, izi sizokambira pamsewu. Tiyeni kunyumba."

"Nyumba yake iti? Tili pakhomo penanso panu pano."

"Ndimafuna kukuuzani. Ndinangoibwereka. Mayiyu katundu amamuvuta kunyamula, ndiye ndinati masiku ochepa..."

"Mumabwereka ndi utoto?"

"Iwe, usandiyankhe choncho pa anthu! Cha mkazi wanga ndi changa. Ndaba chiyani ine?"

"Ngati chinali chanu, kupolisi tinakatani? Munandigwira dzanja ine, n'kundisainitsa kuti mlongo wanga akagone pa simenti. Mukubwera uko mukundigulira zipatso. Mukanangotenga ngoloyo n'kunena kuti ndatenga, ndikanalira n'kutonthola. Koma munayang'ana pabanja pathu n'kusankha munthu amene mumadziwa kuti palibe adzamukhulupirire."

"Alamu ndi ozolowera, masiku awiri okha..."

Sanamalize. Akazi a achimwene, amene sanayankhule chikwerereni galimoto, anawalavulira pamapazi. Mayi wa golosale analowa m'kati ndi mwana wake n'kutseka chitseko, ndipo tinamva akukhoma ndi loko.

Tinadzera kupolisi ngolo ili kumbuyo, poti linali Lachisanu, tsiku la achimwene losaina. Wapolisi anamvetsera zonse, anatuluka kukaona mutuwo, anagwedeza mutu wake womwe. Kenako anati, "Aa, ndiye kuti ndi nkhani ya m'banja imeneyi. Kakambiraneni kunyumba." Anajambula mzere m'buku n'kuwauza achimwene kuti asadzabwerenso. Panalibe anati pepani. Amuna anga sanagone m'chitolokosi ngakhale ola limodzi. Anagona m'pikapu masiku angapo, poti zitseko ziwiri zinali zitawatsekera, kenako anapita kwa mng'ono wawo, kumene ali mpaka lero akutumiza anthu odzandiuza kuti mwamuna amalakwa.

Mphunzitsi uja anabweza geti lake kushedi. Anati anangolitenga kuti akaliyeze. Wa mawindo sanabwerenso, manyazi kapena kaya. Mwini malo anaiwala zokonza malo ake.

Loweruka lotsatira achimwene anabwera kwathu m'mawa ndi zida zawo. Mutu uja anaumanga ku galimoto ya mkamwini wanga, amene anavomera kuti azindikokera mipando. Anagonanso chagada pansi, anaboolanso, anamanganso mabawuti asanu ndi limodzi. Anapala utoto wobiriwira pamalo amodzi pafupi ndi tayala n'kukhomapo chizindikiro ndi chitsulo chosongoka. Anadutsitsa unyolo m'tayala, naumanga ku chitsulo cha m'simenti, naika maloko atsopano awiri otsegulidwa ndi kiyi wamtundu umodzi. Ulendo uno ndinaima pambali pawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chilichonse chimene ananena ndinachimva ndi makutu onse awiri. Koma ananena zochepa.

Ndinawaphikira tiyi. Anamwa ataimirira.

"Achimwene, pepani. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi ochepa."

"Ndamva, achemwali."

"Ndinapusitsidwa."

"Munapusitsidwa, inde. Alamu ananama, ndipo bodza lawo linali lophweka kulikhulupirira. Ine zimenezo sizindiwawa kwambiri, alamu si magazi anga." Anaika kapu pawindo. "Koma pabwalo pano sananene ndi alamu kuti ndinakuchititsani manyazi. Mawu amene aja munali nawo kale. Munangowasunga zaka zisanu ndi zitatu."

Anatulutsa makiyi awiri atsopano, onse pa kawaya kamodzi, n'kuwaika m'dzanja langa. Ndinayamba kumasula kawayako kuti ndichotse mmodzi.

"Wachiwiriyu ndi wanu, monga kale," ndinatero.

Anatseka zala zanga ndi dzanja lawo lokhakhala lija, makiyi onse ali m'kati.

"Ngolo ikavuta mundiitane, ndidzabwera. Koma kiyi wanu sindisunganso."

Anakwera njinga napita. Ndinalowa m'nyumba n'kukoleka makiyi onse awiri pamsomali umodzi kuseri kwa chitseko, ndipo ali pomwepo mpaka lero.